Wasong wa pa Thanthwe la Mbuzi

Sendai, Japan
8 Juni 1998

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo mawondo aja akukupatsaniko mpata. Ine kuno ndili bwino. Ndere zouma munatumiza zija zinafika, ndaphika msuzi katatu, anzanga a kusukulu mpaka kupempha wina. Apatseni moni azakhali a Jeomsun. Ndikanaimba foni, koma zaka makumi anayi zomira pansi pa nyanja kutola nkhono zinakumalizani makutu, tingamangokuwirana popanda womva mnzake.

Ndili ndi pempho. Mukumudziwa wasong wa pa miyala ya kuseri kwa nyumba, uja wa masamba onenepa odzaza madzi. Chaka chatha ndinatengako atatu. Ndakhala ndikuwayeza ndi kuwafanizira ndi a kumtunda komanso a zilumba zina, ndipo wathuyu akukana kufanana nawo. Wasong wa pa madenga akale ali ndi kaminga kunsonga kwa tsamba, wathu alibe. Tsamba lake ndi lalifupi, lofiira m'mphepete. Ine ndikuganiza kuti ndi mtundu wawokha umene sunalembedwe m'buku lililonse. Koma aphunzitsi anga akuti maso amanama, mphepo yamchere ikhoza kusintha maonekedwe a tsamba. Akufuna umboni wa DNA, chizindikiro cha mtundu chimene chomera chilichonse chimatengera kwa makolo ake. Atatu anga aja ndinawasunga m'mankhwala, DNA singatulukemonso.

M'phukusimu muli timatumba khumi ta mchenga wabuluu woyamwa chinyezi. Thyolani tsamba limodzi pa chomera chimodzi, mulidule mopyapyala, muliike m'kathumba kakekake. Masamba khumi basi, musazule. Ku Thanthwe la Mbuzi musayerekeze n'komwe, a kuseri kwa nyumba akwanira.

Ndaikamo chithunzi changa ndili pa ntchito. Tsitsi ndinadula, kuno kwayamba kutentha.

Mwana wanu,
Hyeran


Chilumba cha Deulmi
23 Juni 1998

Hyeran mwana wanga,

Kalata yako ndalandira. Kuno tili bwino, mvula yayamba, m'madzi sitikulowa.

Chithunzi chija ndachiyang'ana mpaka maso kuwawa. Tsitsi lako lapita kuti? Masaya ako apita kuti? Wavala choyera, kumbuyo kwako kuli mabotolo ndi makina, ndiye ukuti ndi pa ntchito. Ndinakubereka ine, sungandipusitse ndi kumwetulira kwa pa chithunzi.

Pa zomera zonse za pa chilumba pano wasankha wasong. Aliyense akudziwa kuti munthu amafuna wasong pa chifukwa chimodzi. Abambo ako anamwa miyezi isanu khansa itawagwira m'mimba, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti tinayamba mochedwa. Nditawerenga dzina limenelo m'kalata yako ndinakhala pansi pakhomo, mpunga unapserera pamoto.

Masamba khumi angachiritse ndani? Ndakutumizira bokosi lodzaza. Wasong sauma ukangomuyanika, amapitiriza kumera pa lichero pomwepo. Ndiye ndamufutsa kaye m'madzi owira monga ndinkachitira wa abambo ako, kenako ndaumitsa pansi pofunda m'chipinda. Uziwiritsa dzanja limodzi m'mawa ndi madzulo, umwe usanadye. Ndi wowawasa koma usatsanule. Mchenga wako uja ndauika pamwamba pa kabati. Mankhwala a munthu saikidwa mumchenga.

Undiuze dzina la chipatala.

Mayi ako


Sendai
6 Julayi 1998

Amayi,

Moni wa kwa ine. Bokosi lafika, ndalitsegula.

Amayi, sindikudwala! Chovala choyera chija timavala tonse, ngakhale aphunzitsi anga amene mimba yawo imatsogola polowa pakhomo. Ndaonda chifukwa ndimaiwala kudya, khalidwe lomwe mwakhala mukundikalipira nalo kuyambira ndili ku pulayimale.

Madzi owira amapha DNA. Zimene mwatumizazi ndayesa katatu, makina sakuonetsa kanthu. Koma chimene chandiimitsa mutu si chimenecho. Ndawerenga mizu m'bokosimu, ndapeza zomera zoposa mazana awiri. Chaka chatha kuseri kwa nyumba ndinawerenga mazana atatu okha. Wasong amachita maluwa kamodzi n'kufa, mukamuzula asanagwetse mbewu ndiye kuti watha. Ngati wathuyu alidi wa pa Deulmi pokha, dziko lonse lapansi kulibenso kwina kokamutenga.

Chonde siyani. Masamba khumi aja ingowaiwalani, ndidzathyola ndekha ndikadzabwera. Ndikulumbira pa manda a abambo, ndilibe nthenda iliyonse.

Mwana wanu,
Hyeran


Deulmi
22 Julayi 1998

Hyeran,

Kalata yako ndalandira, ndawerenga kanayi. Kuno mbuzi yakuda ija yaswa ana awiri.

Usalumbire pa manda a abambo ako, chifukwa iwonso tinawalumbirira. Waiwala? Dokotala anaitanira ine ndi iwe panja, natiuza kuti wodwala sauzidwa, angataye mtima. Tinabwerera m'chipinda tikumwetulira. Ndiwe amene unawagwira dzanja n'kunena kuti, "Abambo, ndi tizilonda ta m'mimba basi, kukamatentha mudzakhala muli pa boti lanu." Unanena bwino kwambiri, maso osaphethira, moti ine ndemwe ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Lero ukundiuza ine ndi kanenedwe komweko. Sindikukwiya. Ndiwe mwana wabwino, ukufuna kundisungira mtima. Koma panja paja ine ndinalipo.

Bokosi lachiwiri likubwera. Kuseri kwa nyumba kwatha. Wotsala ali ku Thanthwe la Mbuzi, ndipo ameneyo ndiye wamphamvu, wokula ndi mphepo ndi mchere. Nthawi ya abambo ako ndinaopa kukatenga kumeneko, mwina akanakhala ali moyo. Ulendo uno sindiopa. Ndikudikira atulutse ngala mwezi wa Sepitembala, ndi pamene mphamvu yake imakwana.

Imwa usalumphe tsiku.

Mayi ako


Deulmi
14 Ogasiti 1998

Hyeran mwana wa mchimwene wanga,

Ndine azakhali ako a Jeomsun. Moni. Kulemba si khalidwe langa, koma ukaimba foni mayi ako amakhala pomwepo akundiyang'ana pakamwa. Makutu alibe, koma milomo amawerenga kuposa nyuzipepala. Ndiye ndati ndilembe.

Pepala la dokotala unatumiza lija, lonena kuti uli bwinobwino, ndinawapatsa. Anayang'ana chidindo n'kundibwezera.

"Alamu," anatero, "la mchimwene wanu lija linalembedwa kuti chiyani? Si tizilonda ta m'mimba?"

Amene anakachonderera dokotala kuti atilembere pepala limenelo ndinali ine.

Tsopano atulutsa chingwe cha nangula cha boti la abambo ako. Masana amachimangirira ku mtengo wa kuseri kwa nyumba n'kumadzilendeweretsa, kuyesa mfundo. Ndinawauza kuti, "Inu alamu, zaka sikisite-sikisi, chizungulire tsiku ndi tsiku, mukufuna kupikisana ndi mbuzi? Mbuzizo chaka chatha zinagwa ziwiri."

Akuti, "Mbuzizo zinalibe mwana wodwala."

Ndinabisa chingwecho mumtsuko wopanda kanthu wa kimchi, kabichi wathu wowawasa uja. Anachipeza tsiku lomwelo, akuti chikununkha adyo koma chikadali cholimba. Ndauza amfumu a mudzi, ndauza anzawo omira nawo m'madzi. Onse akungoti atakhala mwana wawo akanatero.

Thanthwe lija ukulidziwa. Kuchokera pa mtengo wa paini wa pamwamba kufika pamene pali wasong ndi mamita khumi ndi asanu, ndipo pansi pake ndi miyala ndi thovu lokhalokha.

Zobwera kuno usayerekeze. Abambo ako tinawatulutsa m'chipatala kuti adzatsirizikire kwawo. Mayi ako akakuona ukutsika boti ndi masaya amenewo adzati wabwera kudzatsanzika, adzapita ku thanthwe tsiku lomwelo.

Tsono undiuze ine, iwo sindiwauza. Ukudwala?

Azakhali ako


Sendai
7 Sepitembala 1998

Azakhali,

Ngakhale inu! Sindikudwala. Koma ndaona kuti m'banja mwathu mawu oti "ndili bwino" tinawawononga tokha, palibenso amene angawakhulupirire. Ndanena zoona, ndatumiza pepala, ndalumbira, zonse zapita pachabe. Masabata awiri ndakhala ndikulemba ndi kung'amba. Ntchito yanga yonse ndi yoti ndisanene chinthu chopanda umboni, koma lero ndalemba bodza. Kalata ili m'katiyi muwapatse amayi, ndipo akamawerenga musawayang'ane m'maso.

Hyeran

Amayi,

Mwandigwira, ndikhululukireni. Ndinali ndi chotupa ndipo ndinkabisa. Wasong wanu ndamwa m'mawa ndi madzulo monga munanenera. Dzulo adokotala anandiunika, chotupa chija sanachipeze. Akuti ndisiye kumwa tsopano, ndikapitiriza andiwononga chiwindi. Musatumizenso, musapitenso kukafuna wina. Mwandichiritsa, amayi. Chingwe cha abambo apatseni azakhali.

Mwana wanu,
Hyeran


Sendai
28 Sepitembala 1998

Azakhali,

Muli moyo kumeneko? Foni yanu ndikuimba kuyambira pa 19, sikulowa. Pa kanema wa kuno anaonetsa namondwe akudutsa pamwamba penipeni pa zilumba zathu, kenako anayamba nkhani za mpira. Ndaimbira ku doko la kumtunda la Yeosu, akuti pokocheza boti pa Deulmi pagumuka, boti silikupita, makalata ali m'matumba kudikira. Ndiye kuti kalata yanga amayi sanaione.

Masabata awiri aja ndinawataya ndikudzimvera chisoni kuti ine sindingalembe bodza! Ndikanalemba tsiku lomwe ndinalandira yanu, ikanafika namondwe asanabwere.

Wasong wa m'miphika ya kuno watulutsa kale ngala. Ndikamuona ndimadziwa kuti wa pa thanthwe watulutsanso, ndipo amayi akumuona. Dzulo ndinagwetsa timabotolo ta mnzanga, ntchito yake ya mwezi wathunthu. Ndikatseka maso ndikuona mfundo ikumasuka pa paini uja. Ndaganiza zodzakhala ku Yeosu, koma kumeneko ndikangoyang'ana madzi.

Ndikuopa, azakhali. Ndikuopa kuti ndawapha ndi masamba khumi. Ndikanakhala chete, bwenzi pano akusenda adyo pakhonde.

Ndikudziwa kuti kalatayi ikagona m'thumba limodzi ndi inzake ija, koma ndilibe wina woyankhula naye.

Hyeran


Deulmi
6 Okutobala 1998

Hyeran,

Mayi ako ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti zotsalazi uwerenge utakhala pansi. Foni sanakonzebe.

Anapita ku thanthwe pa 24 Sepitembala, nyanja itayamba kudekha. Ankati namondwe wina akabwera akokolola zonse. M'mawa anandituma ku doko kukafunsa za boti, ine chitsiru ndinapita. Pobwera, chingwe palibe, thumba lawo laukonde lotoleramo nkhono palibe. Ndinathamanga mtunda wonse uja, nsapato imodzi ndinaisiya m'matope.

Ndinapeza chingwe chili pa paini, chitakokeka. Ndinagona chafufumimba n'kusuzumira. Anali ataima pa kampata kosakwana phazi, akuzula ndi chitsulo chawo chotokosera nkhono, thumba lili pamsana. Ndinakuwa mpaka mawu kutha, koma angamve bwanji?

Mfundo inagwira, mwana wanga. Chimene sichinagwire ndi paini. Namondwe anali atamufukula mizu, ndipo ndinamuona akuwerama pang'onopang'ono pafupi ndi mutu wanga, dothi likung'ambika. Ndinamukumbatira ngati ine ndingaletse mtengo. Mayi ako anamva chingwe chikulefuka, anayang'ana m'mwamba, anaona mtengo, anandiona ine. Anatulutsa mpeni wodulira ndere n'kudula chingwe m'chiuno. Kenako anayang'ana pansi n'kudikira. Ankawerenga mafunde monga amachitira asanalowe m'madzi. Linabwera laling'ono, anasiya. Linabwera lina, anasiya. Lalikulu litaphimba miyala yonse, anadziponya.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji osapuma. Ndinkangoona thovu. Kenako ndinamva kalikhweru kaja amaimba akatulutsa mutu m'madzi. Zaka zonsezi ndimati kamandisokosa, tsiku limenelo ndinalira nako.

Boti la bambo Bang, msodzi wa kuno, linali pafupi, linawatola. Mkono wamanja wathyoka pawiri, nthiti zitatu, namwino wa pa chilumba wawamanga. Thumba sanalitaye. Paini akulendewerabe mpaka lero.

Ali gone choncho ankandilamula kuti ndifutse, ndipo ankati theka latsala pa thanthwe, mkono ukapola abwerera. Ine kudya ndinaleka. Boti la makalata linafika pa 3 mwezi uno. Ndinawagwirira kalata yako pamaso. Anawerenga, anabwereza, kenako analira kuposa mmene analirira pa maliro a abambo ako.

"Alamu, mwaona? Mumati ndapenga."

"Ndaona," ndinatero, nkhope nditaloza kukhoma.

Chidutswa cha chingwe chimene chinatsala m'chiuno chija andipatsa okha.

Azakhali ako


Deulmi
20 Okutobala 1998

Hyeran mwana wanga,

Akulemba ndi azakhali ako, mkono wanga uli m'chikhakha. Ndikuwayang'ana kuti asawonjezere zawo.

Ndinadziwa ine. Unandizunziranji miyezi yonseyi? Koma zatha, sindikukwiya. Ndikudya, ndikugona. Pa mwambo wokumbukira abambo ako ndinawaikira mpunga ndi nsomba, n'kuwauza kuti ulendo uno sindinachedwe.

Wa m'thumba uja tinali titafutsa kale. Atatu okha anakodwa muukonde, ndipo poti wachira tawadzala mumphika wosweka kuseri kwa nyumba. Mchenga wako wabuluu tatsitsa pa kabati, tadula tsamba limodzilimodzi monga unanenera, usewere nawo masewera ako. Achita maluwa oyera, timitu ta m'kati ndi tofiira, osati tachikasu ngati ta wasong wa pa denga la kachisi. Azakhali ako ndi amene akuti ndikuuze zimenezo.

Nkhani yako ndauza aliyense. Chinthu chabwino chotere ndingabise bwanji, anthu akufa? Bambo wina wa ku Yeosu, mkazi wake ali ndi nthenda yomweyo, anamva pa boti n'kubwera kudzandigwadira pakhomo. Ndinamulozera thanthwe. Anabwera ndi amuna anayi okhala ndi zingwe za okwera mapiri, anatsika ngati akangaude, ine ndinachita nsanje. Wouma uja ndinamupatsanso. Sabata ino kwabwera ena a ku mzinda wa Busan.

Azakhali ako akuti dzanja latopa, koma sanalembe n'zambiri zomwe. Uzidya, unenepe.

Mayi ako

Hyeran, awa ndi anga ine azakhali ako, ndawonjezera ku positi. Ndinapita kukasuzumira. Pa thanthwe patsala mwala wokhawokha.


Sendai
16 Novembala 1998

Azakhali,

Moni. Amayi mkono uli bwanji? Nanga inu mwayamba kudya?

Masamba atatu aja atulutsa DNA. Ndafanizira ndi wasong wa malo makumi anayi ndi awiri, a kwathu ndi a kuno. Wathu waima payekha, pa nthambi yakeyake. Tsamba lopanda minga, timitu tofiira ta m'maluwa, ndi DNA, zonse zanena chimodzi. Aphunzitsi anga anandiweramira pamaso pa onse n'kunena kuti maso anga sananame. Anzanga anaomba m'manja. Ine ndinatuluka kukalira pa masitepe.

Bambo wa ku Yeosu uja mumupeze, chonde. Mumuuze pambali kuti mkazi wake asasiye chipatala, muzitinso ine ndinkamwa ndi mankhwala a dokotala omwe. A ku Busan aja nawonso, ngati anasiya dzina. Ndi bodza lina pamwamba pa linzake, koma nditani? Ndikaganiza kuti mayi wina akumwa madzi owawasa aja akutchula dzina langa, ndimadzuka pakati pa usiku.

Atatu a mumphikawo akamaliza maluwa afa. Tengani sokosi zopyapyala za nayiloni, muveke ngala iliyonse n'kumanga pansi pake, chifukwa mbewu zake ndi zazing'ono ngati fumbi. Mlendo akatsika boti, mphikawo ulowe m'nyumba mwanu. Amayi mtima wawo mukuudziwa, wodwala wina akadzawagwadira adzamupatsa onse atatu.

Pa pepala lolembetsa mtundu watsopano pali mzere wofunsa kumene chomeracho chimapezeka. Ndakhala ndikuuyang'ana masiku atatu. Lero ndalemba kuti mumphika wosweka, kuseri kwa nyumba ya mayi anga.

Ndikubwera pa 20 Disembala. Ndikudzikakamiza mbale ziwiri za mpunga, masaya ayamba kubwerera. Amayi akadzandigwira dzanja pa doko n'kumauza anthu kuti uyu ndi uja anachira, ndidzawerama n'kuvomera. Ndidzavomera moyo wanga wonse, bola iwo adzakhale ataima pa dokopo.

Hyeran